Sitima yomwe ankaikwakwazitsa dala pamchenga

Mphepo ya ku Southsea, kugombe la kummwera kwa England, ilibe chisoni. Nditatsika sitima yapamtunda yochokera ku London, ndinayenda wapansi kudutsa mu Portsmouth mpaka kugombe, makutu atauma gwa. Ngati mukupitako tengani jekete lochindikala, ngakhale dzuwa likuwala.

Panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya D-Day Story pali LCT 7074, sitima yankhondo yotalika mamita 59. Kukongola ayi. Ili ngati chibeseni chachitali chachitsulo, pansi pake n'pafulati, kutsogolo kuli chitseko chachikulu chomwe chinkagwetsedwa pamchenga kuti akasinja atsikirepo. Inanyamula akasinja 10 kupita kugombe la Gold ku Normandy mu Juni 1944, pamene asilikali a Britain, America ndi Canada anakathira nkhondo Ajeremani ku France pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse (tsiku lomwe anayamba kutsikira kumeneko ndilo limatchedwa D-Day). Sitima zamtunduwu zinalipo zoposa 800.

Mkulu wina wolondolera alendo anandipeza ndikuyang'anitsitsa chitseko chija.

"Bambo," ndinawafunsa, "sitima ikakwakwa pamchenga chonchi, ankaibweza bwanji?"

Anamwetulira n'kunditengera kumbuyo kwenikweni. Akuti poyandikira gombe, amalinyero ankaponya nangula kumbuyo, chingwe n'kumatambasuka sitima ikupitabe. Akasinja akatsika, sitima inkapepuka, makina n'kuyamba kukulunga chingwe chija mpaka kuikokera pakuya. Koma madzi akaphwa msanga, basi, inkangokhala pamenepo pouma kudikira kuti nyanja idzazenso, mizinga ikulira. Ndinaima kaye. Anthu 12 okha oyendetsa, pobisala palibe. Pansi pafulati pomwe pankathandiza kufika kugombe m'pomwenso pankaichititsa kuyendayenda uku ndi uku pamafunde, moti asilikali ambiri ankafika atasanza mpaka kufooka.

Mkuluyo sanafulumire, ngakhale gulu la ana asukulu linali litayamba kale kusokosa pafupi ndi kasinja wa Sherman.

Chinandiseketsa n'chakuti nkhondo itatha sitimayi inasanduka malo azisangalalo ku Liverpool, dzina lake Landfall. Anthu ankavinira pamene panaima akasinja! Ena angati n'chipongwe, koma ine ndikuona kuti pakanapanda ovinawo bwenzi itadulidwadulidwa kalekale ngati zinzake. Inamira padoko ku Birkenhead, pafupi ndi Liverpool, mu 2010, anaivuula mu 2014.

Masitepe okwerera kuchipinda cha woyendetsa ndi opapatiza, valani nsapato zogwira pansi. Za tiyi amene ndinagula m'kanyumba kena m'mbali mwa nyanja ndisanene zambiri: mapaundi anapita, koma anali madzi ofunda chabe.