Ulendo wathu wa ku Katete, gulu la aphunzitsi a akuluakulu ku Chawama

Anzathu amene munatsala, nkhani ya ulendo wathu wa ku maphunziro a dyslexia ndi iyi. Tinanyamuka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka m'bandakucha, atcheya ali mu suti yawo ija ya pa 8 September, tsiku lokumbukira kulemba ndi kuwerenga. Basi inayenda bwino mpaka m'mapiri a Manenekela, apo amake mapasa anayamba kupemphera mokweza pa kona iliyonse ife nkumangoti ameni.

Mlandu unabuka pa Luangwa Bridge. Asungichuma ati ndalama ya gulu ndi ya choko ndi makope osati nsomba, koma amake mapasa anali atanyamula kale zouma zikuluzikulu, ati kwa eni sitingafike chimanjamanja, kwathu sitichita choncho. Anakokanakokana mpaka dalaivala analiza hutala, ndiye atcheya anangopisa m'thumba mwawo kuti mtendere ukhalepo, nsombazo zinanunkhitsa basi yonse mpaka ku Nyimba komwe tinaonjezeranso nthochi, anthu ena kumatiyang'ana cham'mbali koma ife tilibe nazo ntchito.

Anzathu a ku Katete anatilandira ndi nyimbo, nsima ya mgaiwa, chigwada chotendera ndi mbewa. Alembi athu aja amati mbewa sadya, funsani anatha zingati!

Maphunziro anali a dyslexia, vuto loti munthu wanzeru zake bwinobwino amavutika kulumikiza chilembo ndi kamvekedwe kake, ena b ndi d zimawasokonekera, si ulesi ayi. Otiphunzitsa anatiuza kuti munthu ayambe wapimitsa maso ndi makutu, kenako tizipita chilembo chimodzi chimodzi, azilemba ndi chala pamchenga uku akutchula, aziumba zilembo ndi dongo, ndipo munthu wamkulu osamuimiritsa kuti awerenge pamaso pa anzake. Anatchulanso lamulo la Zambia la 2012 loteteza anthu olumala.

Ine chinandigwira mtima ndi agogo ena amene kalekale anasiya sukulu atatopa kunenedwa kuti mbuli. Anagwada pa lichero la mchenga, chala chikunjenjemera, nkulemba dzina lawo lonse akutchula chilembo chilichonse, azimayi nthungululu kuti lululu, asungichuma omwe misozi mbwee.

Zikomo atcheya pa nsomba, zikomo abusa potibwereka choziziritsira madzi, komanso amayi a ku Katete amene anatipatsa mphasa zawo iwo nkugona kukhitchini. Loweruka aliyense abwere ndi dongo ndi lichero, mchenga tikatapa kwa alembi, tiyambira kalasi ya madzulo.