Tsiku limene rola inaponda geji yathu

Ine ndi mkazi wanga tili ndi labu yaing'ono ku Lilongwe yoyeza dothi la misewu. Rola ikamaliza kutsendera, makontrakitala amatiitana kuti tione ngati dothi lalimba kufika pa 95 kapena 98 peresenti imene injiniya akufuna. Tinayamba ndi njira ya mchenga: kukumba kadzenje, kuthiramo mchenga, kuyeza pa sikelo, dothi n'kugona mu uvuni mpaka mawa. Makasitomala ankadandaula kuti tikuchedwa, ndiye tinatenga ngongole n'kugula geji ya Troxler, kachipangizo koyezera dothi pamsewu pomwepo, titalandira chilolezo ku bungwe la boma la Atomic Energy Regulatory Authority.

Ndi kabokosi kachikasu, koma si kosewera nako. Ndodo yake imalowa pansi mpaka masentimita 30, ndipo kunsonga kwake kuli cesium-137 yoyezera kulimba kwa dothi. M'kabokosimo muli americium-241 yoyezera chinyezi. Zonse ziwirizi zimatulutsa radiation, mphamvu yosaoneka imene ingavulaze munthu. Mphindi imodzi yokha, yankho latuluka.

Tsiku lina masana, mnyamata wathu wa ntchito anaisiya gejiyo pamsewu n'kuthamangira ku galimoto kukatenga buku. Rola inali kubwerera chammbuyo.

"Bwana, geji yapondedwa," anatero pa foni, mawu akunjenjemera.

"Ndodo ili bwanji?"

"Yapindika, sikubwerera mkati."

Mtima unangoti phwii, chifukwa ndodo ikabwerera mkati ndi pamene cesium imabisika m'chotchinga chake. Ndinamuuza kuti asaigwire, azungulize chingwe mamita 5 mbali zonse, ndipo rola izime pomwepo, isasunthe.

Ndinapeza anthu ataunjikana kuseri kwa chingwe, ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa ndi mwana kumsana. Matipa atatu anali pamzere. Foromani anandikokera pambali: "Achimwene, ingoinyamulani muiike uko, ntchito yaima." Sindimuweruza, chinthu chosaoneka, chosanunkha, munthu savutika kuchipeputsa. Koma ndinakana. Ndinayenda ndi mita yoyezera radiation kuchokera patali, pang'onopang'ono, ndikuyeza chitsulo cha rola, nsapato za mnyamata uja ndi dothi lozungulira. Zonse zinali zoyera. Kachitsulo kosungira cesium sikanasweke. Ndinaimbira a boma, ndipo ndi malangizo awo tinainyamula ndi zopanira zazitali n'kuiika m'mgolo wotchinga ndi mtovu.

Kuitaya sikukanatheka. Mphamvu ya cesium imatsika ndi theka pakatha zaka 30, ya americium pakatha zaka 432. Zotere zimabwerera kwa ozipanga, ndipo ndalama zotumizira zinatuluka m'thumba mwathu, ngongole yoyamba isanathe.

Tinabwerera ku mchenga kwa miyezi 7 ndipo makasitomala awiri anatisiya. Mkazi wanga anakana kuti mnyamata uja achotsedwe ntchito, ati ndife amene tinkamutumiza yekha. Lero pa geji yatsopano amapita awiri, wina woyeza, wina wogwira mbendera yofiira akuyang'ana rola, ndipo buku limakhala m'thumba la ovolosi.