Pulezidenti amene salamulira boma amagwira ntchito yanji?

Kwa nthawi yaitali ndikamva kuti dziko lakuti lili ndi pulezidenti koma woyendetsa boma ndi nduna yaikulu, ndinkangoti aaa ameneyo ndi wongodya misonkho ya anthu basi, ntchito yake kudula maliboni, kulandira akazembe, kupereka mamendulo kenako nkukagona. Panopa maganizo amenewo ndinawasiya, ndipo chinandisintha si kuwerenga malamulo oyendetsera maiko ayi, koma kuona zomwe zinachitika masiku ochepa aja pomwe ndale zinafika pothina, aliyense nkutembenuka kuyang'ana munthu yemwe tsiku lililonse samuwerengera nkomwe.

Mmene zimakhalira ndi chonchi. Anthu amasankha aphungu, ndiye chipani kapena mgwirizano wa zipani womwe uli ndi aphungu ambiri umapereka nduna yaikulu, ndipo iyeyo ndi nduna zake ndi amene amagwira bajeti, apolisi, misonkho, zonse. Aphunguwo akamutaya chikhulupiriro amamuchotsa. Pulezidenti amakhala pambali ngati mutu wa dziko, amasaina mabilu, amalumbiritsa nduna, ndipo pafupifupi chilichonse amachita motsata upangiri wa boma. Ku Germany amasankhidwa ndi msonkhano wapadera wa aphungu ndi nthumwi za zigawo, zaka 5. Ku Italy zaka 7. Ku India amamusankha ndi aphungu a dziko lonse pamodzi ndi a m'zigawo. Ku Ireland amavoteredwa ndi anthu mwachindunji koma mphamvu zake ndi zochepabe.

Za Germany zili ndi chifukwa chake chowawa. Kale pulezidenti wa kumeneko anali ndi mphamvu zoopsa, ankatha kulamulira ndi malamulo adzidzidzi osadzera kwa aphungu, ndipo ndi pulezidenti Paul von Hindenburg amene anaika Adolf Hitler kukhala mtsogoleri wa boma pa 30 January 1933. Ndiye polemba malamulo atsopano mu 1949 anati izi zisadzachitikenso, mpandowo anauchotsa mano dala. Koma taonani za 2017. Chisankho chinachitika mu September, zokambirana zopanga boma zinasokonekera mu November, chipani cha SPD chinali chitanena kale kuti sichilowanso m'boma ndi mtsogoleri wa boma Angela Merkel, ndipo zinkaoneka kuti anthu akavotanso basi. Pulezidenti Frank-Walter Steinmeier, yemwe iye mwini anachokera ku SPD komweko, anaitana atsogoleri a zipani nkuwauza kuti amene wapempha mavoti sangathawe udindo mavotiwo atapatsidwa. Analibe mphamvu yowakakamiza, koma anamumvera, ndipo mu March 2018 boma linapangidwa. Anamumvera chifukwa iye sankafuna unduna uliwonse, sankapikisana ndi wina aliyense pa tebulopo.

Ku Italy ndiye nkhani imeneyi ndi ya kawirikawiri poti maboma amagwa pafupipafupi, ndiye pulezidenti ndi amene amafunsa zipani mmodzimmodzi kuti ndani angapeze aphungu okwanira. Mu 2018 pulezidenti Sergio Mattarella anakana kuvomereza Paolo Savona ngati nduna ya zachuma poopa maganizo ake pa ndalama ya euro, anthu ena anakwiya kwambiri, ndipo kunena zoona ngakhale ine mpaka pano ndimaona kuti pamenepo anafika pamalire penipeni, chifukwa zipani zomwe zinamusankha Savona zinali ndi mavoti a anthu kumbuyo kwake pomwe pulezidenti sanavoteredwe ndi anthuwo.

Koma nkhani yomwe imandikhudza kwambiri ndi ya India, chifukwa mpando ndi umodzi womwewo koma anthu awiri anaukhala mosiyana. Usiku wa pa 25 June 1975 nduna yaikulu Indira Gandhi anafuna kuti dziko lilowe mu ulamuliro wadzidzidzi, ndipo pulezidenti Fakhruddin Ali Ahmed anasaina usiku womwewo, nduna zina zinamva nkhaniyi mmawa zinthu zitatha kale. Zotsatira zake atsogoleri otsutsa anatsekeredwa, manyuzipepala anatsekedwa pakamwa, kwa miyezi 21. Ndimadzifunsa kuti akanangoti dikirani kuche, nduna zonse zikumane kaye ndione, kodi zikanayenda chimodzimodzi? Mwina inde, Indira Gandhi anali wamphamvu zedi nthawi imeneyo. Koma mpando uja unaikidwa chifukwa cha usiku ngati umenewo, ndipo usiku umenewo mpandowo sunagwire ntchito.

Zitatha izi mu 1978 anasintha malamulo kuti pulezidenti akhoza kubweza upangiri wa nduna kamodzi kuti aganizirenso, akaubweretsanso ayenera kusaina. Kamodzi kokha, zikuoneka ngati zachabechabe eti? Koma mu 1997 boma la I. K. Gujral litafuna kuchotsa boma la chigawo cha Uttar Pradesh, pulezidenti K. R. Narayanan anabweza pepalalo, ndipo nduna sizinalibweretsenso. Chifukwa kubweza kuja kumachitika dziko lonse likuona, ndiye nduna zimayenera kufotokoza poyera chifukwa chomwe zikukakamira, ndipo zinthu zambiri zomwe zimadutsa mwakachetechete sizipirira kufunsidwa kachiwiri.

Ireland ili ndi njira ina yomwe ndimaikonda, pulezidenti akakayikira bilu akhoza kuitumiza kukhothi lalikulu kuti liunike ngati ikugwirizana ndi malamulo a dziko, iye osakhala woweruza yekha. Ndipo palinso mphamvu ya pakamwa chabe. Pa 8 May 1985 pulezidenti wa West Germany Richard von Weizsäcker anaima pamaso pa aphungu nkunena kuti tsiku lomwe dziko lawo linagonja pa nkhondo mu 1945 linali tsiku la kumasulidwa, mawu ovuta kwa anthu omwe anataya abale ndi nyumba, koma anatha kuwanena chifukwa sankasaka voti ya munthu.

Sindikunena kuti dongosololi ndi langwiro. Nthawi zambiri chipani cholamula chimangoika munthu wake womvera kuti akapume pampandopo, ndiye zikatero ndi chidindo chabe, chilichonse chobwera saini. Malamulo amapereka kampata kakang'ono, koma wolowa pakampatako ndi munthu, ndipo mtima wake sungaulembe m'malamulo.

Nthawi zina munthuyo amalimba mtima koma osapambana. Ku Mauritius mu February 2002 pulezidenti Cassam Uteem anakana kusaina bilu yolimbana ndi zauchigawenga poona kuti ikuphwanya ufulu wa anthu, anaibweza, aphungu anaibweretsanso momwemo, ndipo malamulo ankati tsopano asaine basi. Iye anasankha kutula pansi udindo. Wachiwiri wake Angidi Chettiar atakhala pampandopo nayenso anakana nkutula pansi patangopita masiku ochepa, mpaka anasaina ndi mkulu wa majaji yemwe anagwirizira mpandowo. Lamulolo linadutsabe, koma linadutsa dziko lonse likudziwa kuti anthu awiri asiya nyumba ya boma, malipiro ndi ulemu wonse uja kusiyana nkuti dzina lawo likhale pansi pa pepala limenelo.