Mapu a dziko lopeka amayambira pa madzi

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuphunzira kujambula mapu a maiko ongopeka, amene timagwiritsa ntchito m'masewero a patebulo monga Dungeons & Dragons. M'masewerowa wina amatsogolera nkhani, ena onse aliyense amasewera ngati munthu wake wamunkhanimo, ndipo madayisi ndi amene amagamula ngati zimene wayesa zatheka. Chimene chandigwira mtima n'chakuti dziko lopeka nalonso limayenera kumvera malamulo a dziko lenileni. Ukawanyozera, osewera amamva kuti penapake sipali bwino ngakhale sangathe kuloza pomwe palakwika.

Ndimayamba ndi mapiri, kenako madzi. Mtsinje umatsika kuchokera kumtunda, ndipo timitsinje timakumana n'kupanga mtsinje waukulu. Si kawirikawiri kuti mtsinje ugawikane pakati pa ulendo wake, kupatula ukayandikira kunyanja pomwe dothi lomwe wanyamula limaunjikana, monga umachitira Nile ukangodutsa Cairo. Mvula nayo ili ndi dongosolo lake. Mphepo yachinyezi ikamakwera phiri imazizira n'kugwetsa mvula mbali imeneyo, ndipo ikamatsetsereka mbali inayo imakhala itauma kale. N'chifukwa chake kumwera kwa mapiri a Himalaya kumagwa mvula yambiri pomwe ku Tibet, kuseri kwake, n'kouma. Tsopano ndikafuna chipululu sindichiika paliponse pomwe pepala latsala. Ndimayamba ndadzifunsa komwe mphepo ikuchokera.

Madzi akakhazikika, malo a anthu amadzionetsa okha. Mudzi umakhala pomwe mtsinje ndi wosaya moti ngolo zingawoloke, mzinda wamalonda pomwe mitsinje iwiri imakumana, linga pampata wa mapiri.

Phunziro lomwe landisintha kwambiri ndi la mtunda. Pa mapu a masewero, mtunda ndi nthawi. M'malamulo a Dungeons & Dragons a mu 2014, gulu loyenda mwachizolowezi limayenda mamailosi 24 pa tsiku. Anthu ambiri amagawa mapu awo m'timabokosi ta mbali zisanu ndi imodzi, totchedwa hex, kalikonse n'kuimira mamailosi 6, ndiye tsiku limodzi ndi timabokosi tinayi. Ubwino wake ndi wakuti kuchoka pa kabokosi kamodzi kupita pa kalikonse koyandikana nako mtunda ndi wofanana, pomwe pa timabokosi ta mbali zinayi kuyenda chopingasa kumatalika. Njirayi inachokera ku masewero a nkhondo a pabolodi, ndipo Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa masewero awo a Dungeons & Dragons mu 1974 analangiza osewera kugwiritsa ntchito bolodi ya masewero ena otchedwa Outdoor Survival, a kampani ya Avalon Hill, pa maulendo a m'tchire.

Ukayamba kuwerenga masiku, mapu amayamba kufunsa osewera mafunso. Pa mapu amene ndikujambula panopa pali doko ndi mzinda wa m'mapiri. Msewu waukulu umazungulira kukadutsa pamlatho, timabokosi 20, masiku asanu, ndipo pamlathopo pali asilikali okhometsa msonkho omwe amalemba dzina la aliyense wodutsa. Njira ina imadula m'dambo, timabokosi 8 tokha, koma m'matope liwiro limatsika ndi theka, ndiye ndi masiku anayi, ndipo hatchi singadutseko. Kusiyana kwake ndi tsiku limodzi lokha, koma gulu lomwe lanyamula mankhwala a wodwala, kapena lomwe likuthawa mfumu, likhoza kukangana nthawi yaitali lisanasankhe. Mkangano umenewo ndi umene ndimaufuna patebulo.

Pali mapulogalamu a pakompyuta monga Inkarnate ndi Wonderdraft amene amatulutsa mapu okongola zedi. Ine ndimakondabe pensulo, chifukwa mapu akakongola kwambiri dzanja limaopa kufufuta, pamene masewero amafuna dziko lotha kusintha osewera akabwera ndi ganizo labwino kuposa langa. Ndimasunga mapu awiri: anga, olembedwa zonse, ndi a osewera, omwe ali ndi madera opanda kanthu komanso mtsinje umodzi wojambulidwa molakwika dala, ngati kuti anawajambula ndi wamalonda amene anangomva za derali kwa anzake.

Chotsatira chimene ndikufuna kuphunzira ndi malire a maufumu, makamaka chifukwa chake ena amatsata mitsinje pomwe ena amatsata msana wa mapiri.