Sabata ya 14 ndi Tiyanjane: maphunziro aima, tinali pa dripi

Ndinalonjeza kuti sabata ino ndilemba za kuphunzitsa galu wanga Tiyanjane kuyenda pa chingwe, koma palibe chimene taphunzira. Tiyanjane anatsala pang'ono kutisiya.

Lachiwiri madzulo anali bwinobwino. Tinazungulira ku Katoto, "khala" akumvera, "bwera" akumveranso bola pasakhale nkhuku pafupi. Cha m'ma 3 koloko usiku ndinamumva akusanza. Kutacha ndinapeza khola lili psuu, chimbudzi chamadzimadzi chofiira ngati jamu, fungo lake losaneneka. Mwiniwake ali khumaa pakona, maso atalowa. Nditamutsina chikopa cha kumbuyo kwa khosi chinangokhala chiimire, nkhama zili gwaa.

Ndivomere, maganizo anga oyamba anali oipa. Ndinati wina wamuponyera nyama ya tameki, ndipo dzina la munthuyo ndinali nalo kale m'mutu. Mayi akunyumba ankati ndi parvo, matenda oopsa a m'mimba mwa agalu. Mnzanga wa ku Chiputula anandiuza pafoni kuti ndingogula makapisozi ndimuthire kukamwa. Ndinamukulunga m'bulangete, kunja kukuwaza kamvula kathu ka ku Mzuzu kuno, n'kuthamangira naye kwa a vetenale.

"Bambo, katemera anabayitsa?" Ndinawapatsa khadi: wa parvo anamaliza, wa chiwewe alipo, mankhwala a njoka za m'mimba anamwa mwezi watha. Anati parvo amakonda ana agalu osabayitsa, pamene uyu ali ndi zaka ziwiri. Atamutenga magazi anati akhuthala chifukwa madzi athera m'matumbo, ndipo anamuika dripi pomwepo.

Zimene anandifotokozera dripi ikudontha ndi zimene zandichititsa kulemba. Akukayikira bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens. Sikuti galu amachita kukamutola kutali ayi, amapezeka m'dothi ndiponso m'matumbo mwa agalu ambiri athanzi, ali phee. Mitundu ina ya bakiteriyayu ikachulukana mwadzidzidzi imatulutsa poizoni wotchedwa NetF, amene akatswiri a ku Guelph m'dziko la Canada anamufotokoza koyamba mu 2015. Poizoniyo amaboola timaselo takuta m'kati mwa matumbo, ngati mmene anankafumbwe amachitira ndi chimanga. Madzi ndi magazi zimachucha kudzera m'malo owonongekawo, ndipo galu amene anali kudumpha dzulo akhoza kufa mawa chifukwa chotha madzi m'thupi.

Ndinafunsa za makapisozi aja. "Ayi bambo, uyu akufuna madzi." Anati pa matendawa maantibayotiki nthawi zambiri safulumizitsa kuchira, pokhapokha ngati thupi latentha kapena tizilombo talowa m'magazi, komanso amapha ndi mabakiteriya abwino omwe. Zinandivuta kumva. Ife tinakula tikudziwa kuti kamwazi ndi kapisozi basi, ndiye kulipira ndalama zonse zija n'kungoona botolo la madzi likudontha kunandiwawa mtima. Anangowonjezera jakisoni woletsa kusanza.

Lachinayi anadzutsa mutu. Lachisanu ananyambita phala la mpunga lokhala ndi tinyama ta nkhuku yowiritsa, masipuni atatu okha, ine n'kuvina ndekha pakhonde. Dzulo wachita chimbudzi cholimba, ndipo ndachijambula. Foni yanga pano musaibwereke, muli zithunzi zoti simungadye nsima.

Ine ndikukayikira dzala. Lolemba ndinamupeza akufukula matumbo a nsomba amene tinataya masiku atatu m'mbuyomo, ndinangomukalipira n'kuiwala. Dzalalo ndalikwirira, ndakumba lina kuseri kwa mpanda.

A neba amene ndinkawaganizira aja anabwera Lachinayi m'mawa kudzafunsa kuti bwanji galu sakuuwa usiku. Anakhala pansi n'kumamusisita mutu kwa nthawi ndithu, ine ndikungoyang'ana zala zanga zakumapazi.

Watsika ndi kilogalamu imodzi ndi theka. Tiyambiranso Lachitatu, mphindi zisanu zokha pabwalo. Za chingwe zidikire kaye, tiyamba ndi "siya".