Shopu ya usipa imene inasindikiza buku la Napolo

Amene amatidziwa kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, amatidziwira usipa. Shopu yathu tinaitsegula mu 2017, ine ndi mayi akunyumba, titasunga mpamba kwa zaka zisanu, ine ndikudulira maluwa m'mayadi a ku Randburg, iwo akuchapa ndi kusita m'nyumba za eni. Tinayamba ndi thumba limodzi la usipa wa ku Mangochi, mpunga wa Kilombero, nyemba, ufa wa mgaiwa ndi mabotolo angapo a Nali. Katunduyu amabwera ndi matransipota kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, ndipo galimoto ikangogona pa boda masiku awiri, kuno mashelefu amakhala ali pululu. Chaka chachiwiri tinagula makina akale a fotokope n'kuwaika pakona, chifukwa abale sasowa chojambulitsa: pasipoti, CV, pulogalamu ya maliro. Mu September 2019, pa chipwirikiti chija cholanda katundu m'mashopu a alendo, tinatseka sabata yathunthu. Mliri wa 2020 unatigwedeza, koma popeza timagulitsa zakudya, tinapulumuka.

Za mabuku sitinaziganizirepo. Transipota wina anatisiyira katoni yomwe mwini wake sanabwere kudzaitenga, ndipo patapita chaka tinaitsegula. Munali mabuku a Chichewa akusukulu, ena a nyimbo za kutchalitchi, ena opanda ndi chikuto chomwe. Tinawaika pashelefu ya pansi pa sopo n'kumabwereketsa pa R5 pa sabata. Anthu ankabwereka ndithu, makamaka alonda ausiku.

Mu June 2022, Lamlungu lina lozizira koopsa, kunabwera mtsikana wina amene ankagula kwa ife nandolo ndi utaka. Kwawo ndi ku Phalombe, kunsi kwa phiri la Michesi, ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Fourways. Ananditumizira fayilo pa WhatsApp nati, "Ankolo, munditulutsireko izi papepala, ndikungofuna ndizigwire m'manja." Anali masamba 140, ine n'kumayesa ndi za sukulu. Pa tsamba la 37 pepala linakanirira. Ndinatsegula kachitseko kam'mbali n'kulisolola lili lotentha, lokwinyika, inki ikundida m'zala. Poliwongola pakauntala maso anagwera pa mizere, ndipo ndinaima pomwepo, kachitseko kali chitsegukire. Panalembedwa za mtsikana akukwera phiri usiku atasenza mtsuko wopanda madzi, nkhungu ikumulondola m'mbuyo ngati galu wa pakhomo, iye akuimba nyimbo yoitana mlongo wake wamng'ono amene madzi anamutenga. Ndinamva mawu a agogo anga ku Ntcheu, ife titazungulira moto, chimanga chikuthetheka m'phale. Panali patapita zaka zambiri ndisanawakumbukire chomwecho.

Bukuli analilemba yekha kasitomala wathu uja, pafoni, kwa zaka ziwiri, usiku, m'kachipinda kake kuseri kwa nyumba ya abwana. Mtsikana wa m'nkhaniyo akupita kukamufunsa Napolo chifukwa chimene anatengera mwanayo. Tonse tinakula tikumva kuti Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa mapiri, ndipo chikamasamukira kunyanja chimagumula phiri, miyala ndi matope n'kukokolola midzi. Ndi yemweyo amene anthu amati anadutsa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu March 1991. Koma m'bukumu Napolo ndi nkhalamba yotopa. Mitengo ya pamwamba pa nyumba yake anthu anadula, kasupe anauma, ndipo akungofuna njira yopitira ku nyanja ya Chilwa. Salankhula, amangoimba. Mutu uliwonse umayamba ndi "Padangokhala", kenaka pamakhala mzere wopanda kanthu, woti wowerenga avomere yekha.

Nditaganiza zoti tilisindikize bukuli, mayi akunyumba sanalole msanga. Kosindikiza mabuku kwina m'tawuni anatiuza R62 buku limodzi tikafuna 200, kutanthauza R12,400, ndalama yomwe tinasungira katundu wa Khirisimasi. Anandifunsa kuti, "Bambo, usipa munthu akadya lero, mawa abweranso. Nanga buku akagula kamodzi, adzabweranso kudzatani?" Ndinasowa powatsutsira. Usiku wina magetsi atazima anawerenga okha mitu itatu ndi tochi ya foni, ndipo kutacha anangoti chikuto chikhale chobiriwira. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku, tinaitenga ku National Library of South Africa, kumene sanatilipiritse. Mu November mabuku anafika m'makatoni asanu. Tinawayala pambali pa mpunga, mtengo R120, ndipo R30 pa buku lililonse inali ya mlembi.

Oyamba kugula anali amayi ogwira ntchito m'nyumba, anzake a mlembiyo, ndipo ndi iwo amene analikonda koposa. Mayi ena a ku Thyolo anabwera Lamlungu lotsatira maso ali psuu. Anati Napolo ameneyu ndi ife: kwathu kunauma, tinanyamuka, ndipo komwe tikudutsa anthu amationa ngati tsoka. Ine poyamba sindinaliwerenge motero, chomwe chinandigwira ndi nyimbo zake. Koma atanena zimenezo ndinabwerera ku mutu umene Napolo akupempha njira m'midzi isanu ndi iwiri, mudzi uliwonse n'kumutsekera, ndipo ndinamvetsa chomwe chinawaliza mayiwo.

Akulu ena a mpingo, makasitomala athu kuyambira tsiku loyamba, analibweza patatha masiku atatu atalikulunga m'nyuzipepala. Ndalama anaikana. Anati, "Achimwene, inu ndinu munthu wopemphera. Mukuika bwanji zamizimu pamodzi ndi chakudya cha ana a Mulungu?" Pomwe panawapweteka kwambiri ndi pamene mtsikana wa m'nkhaniyo akuthira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wa mpoza, mizimu n'kumuyankha. Ndinawauza mwaulemu kuti agogo anga sankajomba ku Mvano, koma madzulo ndi iwo omwe ankatiimbira nthano za mizimu ya m'phiri, ndipo chikhulupiriro chawo sichinachepe ndi pang'ono pomwe. Sanakhutire. Anakhala miyezi iwiri osaponda pashopu, mabanja angapo a mpingo wawo n'kuwatsatira, ndipo m'kabuku ka malonda zinaoneka. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti pamenepa anaphonya, koma ndimawalemekeza chifukwa anandiuza pamaso, sanakandijede kumbali.

Ena anali aphunzitsi a Chichewa kusekondale kumudzi, kuno ndi alonda ku Booysens. Iwowa analiwerenga atagwira pensulo. Anandibweretsera pepala lodzaza: mawu a Chilomwe olowa popanda odi, nyimbo imodzi yobwerezedwa kasanu ndi kamodzi, mitu inayi ya pakati momwe mtsikanayo akungoyenda m'nkhungu popanda chochitika. Anati limeneli si buku la nkhani koma ndakatulo yaitali, ndipo munthu wochezera usiku pageti amafuna nkhani yomukoka kuti asagone. Za Chilomwezo sindigwirizana nawo, chifukwa ku Phalombe anthu amayankhula chomwecho, ndipo agogo a m'bukumo akanayankhula Chichewa cha pawailesi ndikanawakayikira. Za mitu ya pakati akunena zoona, inenso umodzi ndinaudumpha. Aphunzitsi omwewo anagula mabuku ena awiri n'kutumiza kwa anzawo ku Dedza.

Mwana wathu wamkazi, wobadwira konkuno, anali ndi zaka 15. Anafika tsamba la 9 n'kulisiya. Chichewa cha m'nyumba amachimva bwino, koma anandifunsa kuti mtsuko n'chiyani, mkute n'chiyani. Mzere wopanda kanthu uja ankayesa kuti makina analakwitsa. Zinandilasa mumtima, chifukwa ndine amene ndinali ndisanamuphunzitse kuvomera nthano.

Kuwerenga kwa Loweruka kunayambira pamenepo. Pali madala ena amene anabwera kumigodi ndi Wenela kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ndege yonyamula anzawo itagwa ku Francistown mu April 1974, Kamuzu analetsa zolemba anthu opita kumigodi. Ambiri anabwerera kumudzi, iwo anatsala n'kukwatira ku Soweto. Maso anafooka, ndiye anapempha kuti wina aziwawerengera. Tinayamba kutseka chitseko 5 koloko Loweruka, matumba a mpunga n'kusanduka mipando, mwana wanga uja akuwerenga mokweza, mododoma, mayi ake akumuwongolera. Tsiku loyamba atati "Padangokhala" n'kuima, madala aja anavomera ndi mawu onjenjemera, "Tili tonse", ndipo anthu asanu ndi atatu amene analipo analandira onse. Chichewa chawo chinasakanikirana kalekale ndi Chizulu, koma ichi sanachiiwale. Nawonso anali ndi dandaulo lawo. Anati Napolo sakambirana ndi munthu, mwana amene walemba izi akumuzolowera. Sanakondwenso kuti mitu ikutha popanda "Kaphuleni mbatata", ndiye sabata iliyonse ankatsekera okha, ife n'kuyankha kuti "Yapserera".

Kenaka kunabwera March 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osakata kumwera kwa Malawi. Phiri la Soche linagumukira pa Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe midzi ina inakwiririka, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Shopu yathu inasanduka siwa. Anthu ankabwera kudzatchaja mafoni, kudzafunsa ngati wina wamvako za kwawo, makina a fotokope akungotulutsa zithunzi za osowa ndi mapepala osonkhera chipepeso. M'mavidiyo ochokera kumudzi anthu ankafuula dzina lomwe lija, Napolo.

Sabata yachitatu kunabwera bambo ena omanga nyumba, a ku Chilobwe, amene mu December anagula bukuli n'kuliyamikira. Anataya mkazi ndi ana awiri, ndipo mmodzi mtembo wake sunapezeke. Analitula pakauntala pang'onopang'ono ndi manja awiri. Anati, "Achimwene, chinthu chimene chandiphera ana, inu mwachipatsa nyimbo. Mukufuna ndichimvere chisoni?" Sanakweze mawu. Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka lero ndilibe. Akulu a mpingo ndinatsutsana nawo, aphunzitsi ndinatsutsana nawo, koma bambo awa ndinangowagwira dzanja. Tsiku lomwelo ndinachotsa mabuku onse pashelefu n'kuwalowetsa pansi pa kauntala.

Mlembi nayenso anali pa maliro, azakhali ake anapita ndi madzi ku Phalombe. Nditamufotokozera za bambowo anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola chogwirira cha jumbo ya nandolo. Kenaka anandiuza zimene anali asanandiuzepo, ndipo wandilola kuti ndizilembe pano. Mwana wotengedwa ndi madzi m'bukumo ndi mlongo wa mayi ake, amene anasowa mu 1991 ali ndi zaka zinayi. Agogo ake anamwalira akufunsabe kuti mwana wawo analakwanji, ndipo iye analemba kuti agogowo apeze woti amufunse. Anapempha kuti ndalama ya bambowo ndiwabwezere kuchokera pa gawo lake, koma nkhaniyi ndisawauze nthawi imeneyo, chifukwa munthu amene wasenza maliro ake sumusenzetsanso ako. Ndinachita monga ananenera. Bambowo ndalama anailandira n'kuiponya m'mbale ya chipepeso cha banja lina la ku Mulanje.

Mabuku anakhala pansi pa kauntala miyezi inayi. Amene anayamba kuwafunsanso ndi mayi a ku Thyolo aja, ankafuna lina loti atumizire mwana wawo. Pofika pano tagulitsa 171. Mpamba unabwerera, ndipo phindu la buku lonseli ndi pafupifupi R3,000, yomwe usipa umatipatsa mosavuta kuposa pamenepo. Koma Loweruka madzulo m'shopu mumadzaza, nthawi zina anthu 20, ndipo potuluka aliyense amanyamula kampunga kapena kanyemba. Funso lija la mayi akunyumba linayankhidwa chomwecho. Mwana wathu tsopano amawerenga osadodoma, ndipo tinatha buku la Napolo n'kulowa m'mabuku a m'katoni muja. Akulu a mpingo anabwerera, amagula nyemba zawo, koma maso sawaponya ku shelefu ya kumanzere. Bambo a ku Chilobwe amabwera mwezi ndi mwezi kudzatumiza katundu kwa mayi awo. Ndikawaona akuwoloka msewu, ndimakankhira katoni ya sopo kutsogolo kwa mabuku.

Atsala 29, ndipo tikukambirana zosindikizanso. Mlembi akufuna awonjezere mutu umodzi, woti anthu a m'midzi yokokoloka ayankhule okha, Napolo akhale chete amve. Aphunzitsi akuti mutuwo ulowe, koma iwiri ya pakati ituluke. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi awiriwa amakhala pa matumba a mpunga, wina pensulo wina foni, kulimbana ndime ndi ndime, ndipo sabata yatha anathera ola lathunthu pa liwu limodzi la Chilomwe lomwe mtsikanayo wakanitsitsa kulichotsa. Mayi akunyumba ati ndalama ya kosindikiza tiiwerenge katundu wa December akawoloka pa Beitbridge.