Khirisimasi ya supageti ku Ngabu

Gulu la WhatsApp la banja lathu limakhala zii chaka chonse, kupatula pakagwa maliro kapena wina akafuna ngongole. Disembala akalowa ndiye limadzuka. Mu 2022 anayambitsa ndi achemwali anga aakulu: aliyense atumize yake, tigule mpunga, mafuta ndi kireti ya Fanta, nkhuku zilipo kale pakhomo. Ine ndinali nditangoyamba ntchito ku Blantyre, ndipo usiku ndinkagona mochedwa ndi mavidiyo a zophikaphika a pa YouTube. Ndinalemba uthenga wautali. Ndinati mpunga wa nkhuku tadya kuyambira tili pamsana, chaka chino tilaweko zina, wophika ndine ndipo ndalama zonse za chakudya zichoka m'thumba mwanga.

Mawu omalizawo ndi amene anatseka pakamwa aliyense. Amalume okha ndiwo anayankha: "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa." Ine ndinawatumizira kachithunzi ka manja othokoza.

Dongosolo langa linali la chizungu chenicheni, chakudya chobwera m'magawo. Poyamba supu wa maungu, aliyense kambale kake ndi supuni. Kenako saladi wa letesi, nkhaka ndi tomato. Kenako supageti wa nyama yogaya, tchizi pamwamba. Chotsukira mkamwa jelly ndi ayisikilimu. Nsima ayi. Nkhuku ayi. Tambala wofiira amene amayi ankamunenepetsa ndi madeya chiyambire mwezi wa Ogasiti ndinamulengezera chikhululukiro pa foni, amayi n'kungoti, "Tamva, bambo."

Kwacha inali itagwa ndi 25 peresenti m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho, ndiye mtengo wa tchizi nditauona m'sitolo ndinayamba ndayendayenda kaye m'mashelefu ena kuti mtima ukhale pansi. Ndinagulabe. Zonse zofuna kuzizira ndinaziika mu cooler box yobwereka kwa mnzanga wa kuntchito, ndi ayisi pamwamba, ndipo Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi.

Kondakitala anaika bokosi langa pakamtunda kaja ka kumbuyo kwa dalaivala, pamene pansi pake pali injini. Amene mudatsikapo msewu wa Blantyre–Chikwawa mukuwadziwa makona a m'phiri muja, mabuleki akununkha, makutu akutsekeka, chigwa chonse chitayalika pansi ndi Shire akunyezimira pakati. Kona iliyonse imene mwatsika, kutentha kumawonjezekera. Pofika pa Thabwa onse amene anavala majuzi ku Blantyre anali atavula. Titaoloka mlatho wa Kamuzu n'kuima pa Dyeratu, mayi wina wa nsapato zatsopano anafunsa mokweza kuti mwana wakodza ndi wa ndani. M'galimoto munalibe mwana. Ndinayang'ana pawindo. Podutsa m'minda ya nzimbe ya ku Nchalo bokosi linkangoti khuvu khuvu pa bampu iliyonse.

Kwathu kulibe fuliji, koma ndinali nditapangana ndi bambo wina wa golosale amene amagulitsa zoziziritsa kukhosi kuti andisungire ayisikilimu. Bamboyo anandilandira bwino, n'kundikumbutsa chimene ndinkachidziwa kale: chichitikireni namondwe Ana mu Januwale, amene anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, magetsi ankabwera mwa mwayi. Kapichirayo ali m'boma lathu lomweli la Chikwawa, koma zimenezo sizinatipatse ulemu uliwonse. Anati, "Ikani, koma mupemphere."

Jelly ndinamusungunula madzulo m'beseni, ndipo poti mufuliji munalibe malo, ndinamuika pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, pakona pozizira kuposa ponse m'nyumba, n'kuphimba ndi nsalu yonyowa. Jelly amafuna kuzizira kwa fuliji kuti agwirane, ndipo ngakhale wogwirana kale amasungunuka kutentha kukayandikira madigiri 35. Ku Ngabu, kumene Okutobala ndi Novembala amadutsa 40 popanda wodabwa, usiku wa Disembala m'nyumba ya malata munthu umagona chitseko chili pululu. Ndinamusuzumira pakati pa usiku ndi tochi. Anali madzi ofiira, phee, akundiyang'ana.

Khirisimasi ya chaka chimenecho inagwa Lamulungu, choncho anthu onse anapita kutchalitchi. Kunyumba tinatsala atatu: ine, agogo amene miyendo inkawavuta, ndi azakhali. Azakhali angawa ndi munthu wodziwika. Ukwati kapena maliro m'midzi yozungulira, mphika waukulu wa nsima sakhudza wina. Anati atsala kuti andithandize, koma anakhala pampando pakhomo la khitchini, manja atapinda, maso ali pa ine.

Supu anayenda bwino. Nyama yogaya inayenda bwino, fungo lake mpaka ana a oyandikana nawo anayamba kudutsadutsa. Nditatulutsa supageti m'pepala, agogo anatenga kamodzi, kukathyola, kukanunkhiza.

"Amunanga, ulendo wonse wa ku Blantyre mwatigulira tsache?"

Ndinawauza kuti akapsa adzaona. Madzi atawira pambaula ndinathira mapaketi onse mumphika waukulu. Nthawi yomweyo kanafika kamnyamata kothamanga: bambo a golosale akuti magetsi anazima usiku, bwerani mudzatenge zinthu zanu zisanaononge za anzanu.

"Azakhali, pakatha mphindi 10 muphule, mukhetse madzi onse. Basi. Musachite china chilichonse."

"Pitani, mwana wa achimwene. Mphika sindikuuyamba lero."

Kupeza kabaza tsiku la Khirisimasi ndi nkhani ina. Amene ndinamupeza anali atayamba kale chikondwerero, ndipo tinayenda msewu wonse mbali zonse ziwiri. Ayisikilimu ndinamupeza ali mkaka wa thovu. Pobwerera ndinayenda wapansi, zidebe ziwiri m'manja, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nditafika anthu anali atabwera kale kutchalitchi. Amuna anali pamipando pansi pa mtengo wa nimu, amayi pamphasa, ana atavala zatsopano za m'kaunjika zopinda bwino. Panalinso alendo amene sindinawawerengere, chifukwa mbiri inali itamveka kutchalitchi kuti kwathu kudyedwa za ku hotela.

Ndinafuna kulowa m'khitchini, azakhali anatchinga pakhomo. "Zonse zili bwino muno. Kasamalireni alendo."

Ndinagawa supu. Aliyense kambale kake, supuni pambali. Beseni la madzi linazungulira, anthu anasamba m'manja, amalume anapemphera pemphero lalitali lothokoza Mulungu chifukwa cha ana ophunzira. Ameni atamveka, panagwa bata. Anthu onse anali atagwira timbale, maso ali kukhitchini. Ntchentche inatera pa supuni ya amalume, n'kuuluka, n'kubweranso.

"Ndiwo taziona, mphwanga, zooneka bwino ndithu," anatero amalume. "Nanga nsimayo ikubwera pa kabaza?"

Ndinafotokoza kuti zimenezi si ndiwo, ndi supu, amamwa yekha ndi supuni kuti m'mimba mutseguke.

"M'mimba mutseguke?" anafunsa mlendo wina, akuika kambale pansi msangamsanga.

Agogo anavundula ndi supuni, kulawa pang'ono. "Maungu mu Disembala, kumunda sanayale n'komwe. Komanso aphwanyidwa chonchi. Akudwala ndani pakhomo pano amene simukundiuza?"

Ndinati tingodumphira ku gawo lachiwiri. Ndinathamangira kumene ndinasiya saladi, mbale ndinaipeza yotsukidwa, yovundikiridwa bwino. Alamu anga, akazi a achimwene, anandikokera pambali n'kundinong'oneza mwachifundo. Anati ataona kuti ndaduladula masamba n'kuiwala kuphika, sanafune kuti ndichite manyazi pamaso pa alendo. Anathira mupoto, letesi, nkhaka ndi tomato yemwe, kachidulo pang'ono, n'kutendera ndi nsinjiro. "Koma masamba anu a ku Blantyre ndi aulesi, alamu. Beseni lonse lija angotsala m'bakuli limodzi."

Ndisanapeze choyankha, azakhali anatuluka m'khitchini atasenza thireyi yaikulu yovundikira ndi nsalu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa bwalo, kugwada, kutula, kuvundukula.

Mitanda. Mitanda yoomoledwa bwino ndi chipande, yosalala, yofiirira, yosanjikizana mwaluso. Koma uliwonse unali ndi timichira toyera totulukira m'mbali, tina tikulendewera, tina titapindikira m'mwamba.

Azakhali anafotokoza okha, pamaso pa onse, mosabisa kanthu. Anati timitengo tija anatidikira mpaka titafewa ndithu, chifukwa mphindi 10 sizipsetsa ngakhale bonongwe. Titafewa, madzi anali atasanduka phala labwinobwino, ndipo iwo chibadwire sanaonepo munthu wanzeru zake akutaya phala. Ndiye anathiramo ufa wa mapira, kugwira mthiko, kuthyakula mpaka kulimba. "Inavuta pang'ono, imakulunga kumthiko. Koma ndinaigonjetsa."

"Nanga tchizi?" ndinafunsa, mawu akutuluka aang'ono.

"Chachikasu chija? Chinaola m'njira, mwana wa achimwene. Chinali thukuta lokhalokha, fungo lake losayamba. Ndamupatsa galu."

Galuyo anali chigonere pansi pa ngolo, mimba ili tiii, akunyambita milomo. Pa onse amene anadya pakhomo pathu tsiku limenelo, wodya chodula kwambiri anali iyeyo.

Koma anthu nkhope zinawala. Nsima yafika. Masupuni anaikidwa pambali, manja anagwira ntchito. Ankatema mtanda, kukulunga m'manja, timichira tikukana kulowa, kusunsa mu supu wa maungu, kutapa letesi wotendera, kuwonjezera nyama yogaya. Amalume anakoka kamchira kamodzi, kakungobwerabe, iwo akukweza dzanja mpaka pamwamba pa mutu, ana akuwerenga mokuwa. Katatha anakayamwa n'kupukusa mutu mokhutira. Ine ndinalawa ndili chiimire, ndipo chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti zinkakoma.

Jelly ndi ayisikilimu achemwali anangozithira mundowa imodzi, kuvundula, kugawa m'makapu. Ana anamwa mpaka milomo kufiira, n'kumafunsa kuti thobwa lotere amafulula ndi chimera chanji. Thireyi itayera, alendo anapita mmodzimmodzi kukagwira chanza azakhali. Agogo anawaombera m'manja: "Takhuta, mwatipulumutsa." Ine anandipatsa moni wamba.

Dzuwa litapendeka ndinakakhala ndekha kuseri kwa nyumba, ndikuwerengera m'mutu ndalama za tchizi. Mphepo inabwera ndi fungo limene ndimalidziwa kuyambira ubwana, la anyezi, tomato ndi nkhuku yachikuda yowira nthawi yaitali. Linkachokera kwa oyandikana nawo. Posakhalitsa amayi anatulukira kumpanda atanyamula mphika, achemwali pambuyo ndi beseni la mpunga. Tambala uja anali ataphedwa mbandakucha, ine ndili kalikiliki kuunika jelly ndi tochi, ndipo nyumba yonse inkadziwa, ndi ana omwe.

"Amayi, si paja tinagwirizana?"

"Tinagwirizana, bambo. Chamasana chinali chanu. Ichi n'cha Khirisimasi."

Mphasa zinayalidwanso. Ntchafu zinapita kwa amalume, chiwindi kwa agogo, zipalapasiro kwa ana. Amalume, fupa lili m'manja, anandipempha kuti ndikadzabweranso ndidzatenge timitengo tija mapaketi ambiri, chifukwa kukubwera mwambo woika chiliza ndipo nsima yake ikuoneka kuti imakhalitsa m'mimba. Amayi anandiikira khosi ndi mpunga wodzaza mbale, n'kuwonjezera msuzi.

"Idyani, bambo. Ndiye chifukwa chake mwaonda chonchi, ku Blantyreko mukungomwa ndiwo."